Za ma script oyesera amene akukana pa Mac

Achimwene, mwati ma script anu oyesera amayenda bwino pa Ubuntu koma pa Mac ndi pa Windows akukana. Za Windows ayankhe ena, ine ndikamba za Mac.

Yambani ndi sed -i, lamulo losinthira mawu mkati mwa fayilo, ameneyu anatizunza kuntchito. Pa Ubuntu sed ndi wa GNU, pa Mac ndi wa BSD. Wa BSD amafuna kuti pambuyo pa -i pabwere mchira wa dzina la fayilo yosungira. Mukalemba sed -i -e, iye amatenga -e uja ngati mchirawo. Ntchito amagwira ndithu, osadandaula, koma m'foda mumatsala mafayilo a mayina othera ndi -e. Test yathu inkawerenga mafayilo a m'fodamo, ndiye inkangogwa pa Mac ya mnzathu mmodzi yekha, enafe n'kumati vuto ndi iyeyo. Lembani sed -i.bak, imene imayenda konse, kenako mufufute .bak uja. Apo ayi tulutsirani ku fayilo ina n'kubweza ndi mv.

Samalaninso wc -l, lamulo lowerengera mizere. Pa Mac amaika mipata kutsogolo kwa nambala, choncho poyerekeza gwiritsani -eq, osati =. Ndipo date -d, stat -c ndi grep -P musaziyembekezere kumeneko. Pa echo -e ikani printf. Ngati mukuyerekeza zotuluka mu sort, ikani export LC_ALL=C pamwamba pa script.

Amene akuti "ingolembani #!/bin/bash zitheka" aja, kaya anayesapo pa Mac. Bash wobwera ndi Mac ndi 3.2, alibe declare -A kapena mapfile, zimene zinabwera ndi bash 4 mu 2009. Pa Alpine, mtundu wina wa Linux waung'ono, ndiye bash mulibiretu pokhapokha mumuike nokha. Mukasankha #!/bin/sh, dziwani kuti pa Ubuntu ameneyo ndi dash, shell ina osati bash, ndipo [[ ]] sakumudziwa.

Ikani ShellCheck, pulogalamu yofufuza zolakwika m'ma script, ndi yaulere, muziyendetsa shellcheck -s sh. Imagwira za bash zolowerera, koma za sed zija musaidalire. Zimenezo zimafuna Mac weniweni. GitHub Actions, yoyendetsera ma test pa makompyuta a GitHub, ili nawo ma Mac, aulere ngati repo yanu ndi yotseguka kwa onse. Ikakhala yobisika, mphindi ya Mac imadula pafupifupi kakhumi kuposa ya Linux, ndiye musamayendetse pa push iliyonse.

Alpine muyesereni mu Docker, pulogalamu yoyendetsera Linux wina mkati mwa kompyuta yanu, ndi ma MB ochepa chabe, bandulo sikutha.