Kumenyanso nkhondo ya Leuthen mu Empire: Total War

Wowerenga wina wandilembera imelo kudandaula kuti akayesa kusewera nkhondo ya Leuthen mu masewera a pa kompyuta a Empire: Total War, zonse zimangothera m'chipwirikiti. Akufunsa kuti aikonze bwanji kuti ifanane ndi zimene zinachitikadi.

Achimwene, tiyambe ndi tsikulo. Pa 5 December 1757, Frederick Wamkulu wa ku Prussia anali ndi asilikali pafupifupi 36,000, pomwe a Austria, motsogozedwa ndi Charles wa ku Lorraine, analipo pafupifupi 66,000. Malowo lero ndi Lutynia, kumadzulo kwa Wrocław ku Poland. A Austria anandanda mzere wautali kuchokera ku mudzi wa Nippern kumanja kwawo mpaka ku mudzi wa Sagschütz kumanzere kwawo. Frederick anaonetsera apakavalo ake cha ku mudzi wa Borne ngati akufuna kugwera mbali ya kumanja ya adani, Charles n'kuthamangitsira komweko asilikali amene anawasunga kumbuyo. Nthawi yonseyo khamu lalikulu la Prussia linkayenda chakumwera kuseri kwa timapiri, m'dera limene ankalidziwa bwino poti ankachitirako zoyeserera nkhondo. Anatulukira ku Sagschütz, n'kupinda mzere wonse wa Austria ngati mphasa.

Apa ndiye pagona nkhani. Frederick anapambana chifukwa Charles sankaona. Inu pa kompyuta mumaona bwalo lonse kuchokera kumwamba, ndipo kompyutayo ikangoona mwakhotera mbali ina, nayonso imatembenuza mzere wake pompo. Choncho musasewere ndi kompyuta. Pezani mnzanu, mugwirizane malamulo musanayambe.

Masewerawa amalola magulu 20 m'khamu limodzi. Mnzanuyo atenge onse 20, inu mutenge 11, ndiye kuti kuchepekedwa kwa Frederick mwakumva m'thupi. Iye awatambasule mzere umodzi kuchokera mbali ina ya bwalo mpaka ina, ndipo alonjeze kuti sasuntha gulu lililonse mpaka chipolopolo choyamba chitagwera kumanzere kwake. Koma apakavalo anu akaonekera kumanja kwake, ayenera kutumizako magulu awiri kapena atatu, ngakhale akudziwa kuti ndi msampha. Lamulo limeneli ndi lowawa kwa iye, koma popanda ilo palibe Leuthen. Sankhani bwalo lokhala ndi zitunda ndiponso mudzi pakati.

Za mfuti, kumbukirani kuti zinali za mtundu wa gogodela, zothira onga ndi chipolopolo kukamwa kwa mfutiyo, mkati mwake mosalala. Kupitirira mamita 100 munthu ankangoombera mwamwayi. Musalole asilikali anu ayambe kuombera ali kutali. Afike pafupi, aombere limodzi. Magulu anu asafike mzere wowongoka, koma mopendekera ngati makwerero, la kumanja patsogolo, lililonse lotsatira litsalireko pang'ono, kuti amene atopa apeze owalowa m'malo. Mizinga ikuluikulu ya 12-pounder iziyenda nawo, musaisiye pomwe munayambira. Ine ndimaona kuti ambiri amagwera pamenepa, amaiwala mizinga kumbuyo.

Gulu limodzi la apakavalo mulibise kumanzere kwanu. Tsikulo, nkhondo itafika pa mudzi wa Leuthen weniweniwo, mkulu wa asilikali Lucchesi anatsogolera apakavalo a Austria kuti agwere oyenda pansi a Prussia cham'mbali, koma Driesen, mkulu wa apakavalo a Prussia, anali akudikira ndi ake, anawatulukira modzidzimutsa n'kuwabalalitsa. Anu musawatulutse mpaka mnzanuyo ataponya ake onse.