Kwa achemwali ofunsa za khungu la bambo awo

Achemwali, mwati bambo anu amalima mpunga ku Lifuwu, ndipo khungu la m'khosi ndi kunja kwa manja lada bii, likusendeka, pena patuluka matuza, ndiye zomwe mwaona pa Google zakuopsani. Musanawerenge zambiri, awoneni bwino: kodi zilondazo zikuthera pamene malaya ayambira? Ngati pansi pa malaya pali bwinobwino, dzuwa likukhudzidwadi. Komatu dzuwa la Salima amalidziwa kuyambira ali mwana, ndiye funso n'lakuti chasintha n'chiyani m'thupi mwawo.

Ine ndikuganiza kuti mwina ndi matenda otchedwa pellagra. Amabwera thupi likasowa niacin, vitamini B3, ndipo amakonda anthu odalira nsima yopanda ndiwo zokwanira, chifukwa niacin wa m'chimanga thupi limavutika kumutenga. Kachasu amawonjezera vutoli. Khungu limada mozungulira khosi ngati mkanda, ena amatsegula m'mimba, ena amayamba kuiwalaiwala kapena kulankhula zosokonekera, abale n'kumathamangira kwa asing'anga. Si matenda achilendo kuno. Mu 1990 anthu oposa 17,000 othawa nkhondo ku Mozambique anadwala matendawa m'misasa ya kum'mwera kwa Malawi, mtedza utasiya kufika m'chakudya chomwe ankalandira. Isoniazid, amene amaperekedwa pa TB, amayambitsanso pellagra. Ubwino wake amachira ndi mapilitsi a nicotinamide, omwe ndi mtundu wa vitamini B3, kuphatikiza mtedza, nyemba ndi usipa.

Mankhwala ena amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa: doxycycline, Bactrim, ndi hydrochlorothiazide wa BP. Tengani mapaketi onse ndi buku lawo la kuchipatala mupite nawo ku chipatala chachikulu cha Salima. Mankhwala a TB, a BP kapena ma ARV asasiye okha.

Pa zofufuzazo, siyani kulemba zizindikiro pa Google. Lowani pa PubMed kapena DermNet, masamba a pa intaneti a nkhani zachipatala, n'zaulere, mulembe dzina la mankhwala pamodzi ndi mawu akuti photosensitivity (kupsa msanga ndi dzuwa), kapena pellagra Malawi. Dziwani kuti zithunzi zambiri n'za azungu. Pamene iwo akufiira, ife timada kapena kutuwa, ndiye musayerekeze mtundu. Nkhani ya wodwala mmodzi isakudetseni nkhawa, madokotala amalemba zotero chifukwa n'zosowa.

Koma ngati pali zilonda m'kamwa kapena m'maso ndipo thupi likutentha, makamaka ngati angoyamba kumene Bactrim, musadikire mawa, apite lero lomwe. Pakadali pano avale malaya a manja aatali ndi chipewa, ndipo matuzawo asaboole.