Mwagula makina ndi dzina, nanga milandu ya masitovu akale ndi yandani?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mukufuna kugula makina, sitoko yotsala komanso dzina la kampani yopanga masitovu a gasi, masheya ayi, ndiye mukufunsa ngati sitovu imene iwowo adagulitsa kalekale itaphulika n'kuotcha munthu, angasumire inuyo kapena eni akalewo.

Poyambira ndi pabwino kwa inu. M'mayiko ambiri lamulo limati kampani ndi munthu payokha, nkhani imeneyi idakhazikika pamlandu wa Salomon ku Britain mu 1897. Mukagula masheya mwagula munthuyo ndi zipsera zake zonse, ngongole, milandu, chilichonse. Mukagula katundu yekha, milandu imatsala kwa wogulitsa. N'chifukwa chake maloya amakonda njira yanuyi.

Koma musayambe kuvina. Makhoti, makamaka a ku America komwe nkhanizi zidakambidwa kwambiri, amaugwirabe mkono wa wogula ngati adavomera yekha kusenza milanduyo, kaya polemba kaya mwa zochita zake, ngati malondawo adali ophiphiritsa chabe pamene makampani awiriwo adangophatikizana, ngati kampani yatsopano ndi yomweija yangosintha malaya, eni omwewo mabwana omwewo, kapena ngati zonsezo zidachitika pofuna kuzemba ngongole. Apa ndifunse, wogulitsayo mukumulipira ndalama zenizeni kapena mukumupatsa masheya m'kampani yanu? Chifukwa mukamupatsa masheya, iye n'kukhalanso dayilekitala, mwalowa kale m'khola lomwe mumalithawa.

Tsono chomwe chandichititsa kulemba zambiri ndi dzinalo. Ku California kudali kampani yopanga makwerero yotchedwa Alad. Mu 1968 idagulitsa fakitale, makina, sitoko ndi dzina, kenako n'kutsekedwa. Ogulawo adapitiriza kupanga makwerero omwewo, dzina lomwelo, antchito omwewo, kasitomala akafika sankaona kusintha kulikonse. Chaka chotsatira munthu wina adagwa pamakwerero opangidwa ndi eni akale aja n'kuvulala. Akasumire ndani poti kampani yakale idafa? Mu 1977 khoti lalikulu la California pamlandu wa Ray v. Alad lidati mlanduwo ukugwera ogulawo, ngakhale kuti makwererowo sadawakhudzeko n'komwe. Zifukwa zake mukazimva n'zomveka ndithu, kugula kwawoko ndi komwe kudatsekera wovulalayo pothawira, iwowo ndi amene akadatha kugula inshulansi n'kuika mtengo wake pamakwerero atsopano, komanso sungamadyere mbiri yabwino ya dzina kenako zikavuta n'kumati dzinalo si langa. Walira mvula walira matope basi.

New Jersey idatengera maganizo omwewa mu 1981, Michigan idali ndi njira yake yofananirako kuyambira 1976. Koma zigawo zambiri za America zidakana, New York idakana mu 2006, akuti zimapha mabizinesi ang'onoang'ono chifukwa palibe angafune kugula fakitale yokhala ndi mabomba osaoneka. Ine pamenepa ndimaima pakati, koma mtima umapendekera kwa wovulalayo, iye sadasainire nawo kontirakiti yanu. Choncho yankho lenileni lidalira dziko lomwe muli, loya wakumeneko akuuzeni mbali yomwe makhoti ake amatsata.

Ndiye pali kachizolowezi kena, anthu amalemba mumgwirizano kuti "wogula sakutenga mlandu uliwonse wakale" n'kukagona tulo. Mawuwo amamanga inu awiri basi. Munthu wopsa nkhope uja sakumuletsa kukusumirani. Mwina muti wogulitsa walonjeza kudzandibwezera ndikadzaluza, chabwino, koma akalandira ndalama n'kutseka kampani, lonjezolo mudzakalitenga kwa ndani? Gawo la ndalama zogulira lisungidwe kwa munthu wachitatu kwa zaka zingapo, wogulitsa asatseke kampani yake msanga, ndipo inshulansi yake muione ndi maso anu, muifunse ngati imalipira ngozi zodzachitika mtsogolo pa katundu wogulitsidwa kale. Zambiri sizitero pokhapokha alipire mwapadera.

Ngakhale akuluakulu zimawakola. Kampani yopanga magalimoto ya ku America ya General Motors itagwa mu 2009, katundu wake adagulitsidwa kudzera kukhoti kupita ku kampani yatsopano, pepala likunena kuti milandu yambiri yakale yatsala mmbuyo. Mu 2014 kudatulukira vuto la swichi yolizira galimoto yomwe imazimitsa injini ili pamsewu, magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni adaitanidwa kuti akakonzedwe. Mu 2016 khoti la apilo lidati eni magalimotowo angathe kusumira kampani yatsopanoyo, chifukwa yakale imadziwa kapena imayenera kudziwa za vutolo koma sidawauze nthawi ya malonda ija.

China chomwe ambiri amaiwala, mukayamba kukonza masitovu akalewo kapena kulemekeza waranti yake, kenako n'kuzindikira kuti mavavu ake amadontha gasi inu n'kukhala chete, umenewo ndi mlandu wanuwanu, osati wotengera. Sitoko yotsala ija nayonso, mukaigulitsa ndinu, wogulitsa ndinuyo. Musanasaine apempheni ogulitsawo faelo ya madandaulo a makasitomala ndi ya masitovu omwe adabwezedwa, mukhale nayo pansi tsiku lathunthu. Akayamba kuzengereza kuibweretsa, mtengo utsike kapena dzinalo alisunge okha inu mutenge makina.