Ma king awiri, ndikankhe zonse?

Funso: Akulu, pa masewera a makadi a poker otchedwa Texas Hold'em, ine ndi mnzanga tinakwezerana ndalama mpaka 4-bet (kukweza kachitatu, makadi apatebulo asanatuluke), ine ndili ndi ma king awiri. Ndalama zapakati zinali 93, ine n'kutsala ndi 155. Flop (makadi atatu oyamba apatebulo) inabwera 9-4-2, ndinaponya 25, mnzanga anavomera. Pa turn (khadi lachinayi) panagwa 7, mantha atandigwira ndinangocheka, osaponya kanthu. Ndinalakwa? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Munalakwa, achimwene. Tawerengani: pakati pafika 143, inu mwatsala ndi 130 yokha, ndiye mukusungiranji? Munthu wofika pamenepa kawirikawiri amakhala ndi ma queen, ma jack kapena ace-king. Oopsa kwenikweni ndi ma ace awiri m'manja mwake basi. Kankhani zonse. Ikanagwa ace, apo ndikanati chekani. Inenso ndinachekapo chonchi tsiku lina, ace n'kutulukira pa river, khadi lomaliza. Usiku umenewo tulo sindinatione.