Disiki ya 256 GB musaidule tizidutswa

Achimwene, mwafunsa kagawidwe ka disiki ya SSD ya 256 GB pa laputopu ya RAM ya 8 GB, poti mukufuna Ubuntu (mtundu wa Linux) ikhale pambali pa Windows 11. Mwatinso wina wakulemberani kale kuti /boot, /, /home, /var ndi swap chilichonse chikhale pa partition (chigawo cha disiki) yakeyake. Malangizo amenewo ndi a ma seva, inu asiyeni.

256 imeneyo ndi ya pa bokosi chabe. Mukatsegula Disk Management ya mu Windows mupeza pafupifupi 238 GB, chifukwa opanga disiki amawerengera ndi 1000 pomwe Windows imawerengera ndi 1024. Ndiye tikugawa 238.

Windows isiyireni 130 GB. Microsoft imati Windows 11 imafuna 64 GB, koma imeneyo ndi yongolowera pakhomo, si yokhalira m'nyumbamo. Update yaikulu ikabwera, Windows yakale imasungidwa mu Windows.old kwa masiku 10, ndipo Office ndi zomwe mumatsitsa pa intaneti nazonso zikufuna pogona.

Zotsalazo, zoposa pang'ono 100 GB, perekani zonse kwa Ubuntu ngati partition imodzi ya ext4 (format ya Linux), pa / (tsinde la mafayilo onse a Linux). Apa ndi pomwe ena mu gulu muno anditsutse, poti amakonda /home (mosungira mafayilo a mwini kompyuta) yapayokha kuti ukamaikanso Linux mafayilo ako asafufutike. Mfundoyo ndi yoona, ndipo pa disiki ya 1 TB nanenso ndimatero. Koma pa disiki yaing'ono ndinapsa nazo kale. Ndinapatsa / 20 GB, zina zonse n'kuponya ku /home. Miyezi ingapo chabe, / inadzaza thoo, ma update n'kuyamba kukana, uku /home ili gwaa ngati nkhokwe ya mu February. Mapulogalamu salowa ku /home, amalowa ku /. Snap (imodzi mwa njira zoikira mapulogalamu mu Ubuntu) imasunga ndi mtundu wakale wa pulogalamu yake iliyonse, ma kernel (mtima wa Linux) akale nawo amaunjikana, ndiye mukadzaika pulogalamu yodya malo ngati Docker ndiye basi. Ngakhale Ubuntu 24.04 imapempha 25 GB pongoyambira. Mukaumirirabe /home yapayokha, / musaipatse zochepera 50 GB.

Za swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza) musavutike nazo. Kuyambira pa 17.04, mu 2017, Ubuntu imapanga fayilo ya swap mkati mwa / momwemo, ndipo mukhoza kuikulitsa tsiku lililonse. Okhawo ofuna hibernate (kuthimitsa kompyuta itasunga zonse zomwe zinali zotsegula) ndi amene amafunika swap yofanana ndi RAM kapena kuposerapo.

Muonanso ka partition kakang'ono ka FAT32 kolembedwa EFI, kosunga mafayilo oyatsira kompyuta, nthawi zambiri ka 100 MB. Musakafufute, musakapange format. Ubuntu ikagwiritsa ntchito komweko, koma kakachoka Windows siyakanso.

Kuchepetsa C: (partition ya Windows) chitirani mu Windows momwemo, pa Shrink Volume ya mu Disk Management, malo otsalawo muwasiye opanda kanthu kuti installer ya Ubuntu iwapeze. Musanayambe, koperani mafayilo ofunika pa flash kapena disiki ina, thimitsani Fast Startup ya mu Windows, ndipo ngati BitLocker (loko ya disiki ya mu Windows) ndi yoyatsa lembani recovery key yake ya manambala 48 papepala. Batire likhale lodzaza, tchaja chili chobaya. Magetsi athuwa mukuwadziwa, akathima partition ili pakati posinthidwa mudzalira.

Mukafika pa tsamba logawira disiki, jambulani mutumize muno musanadine Install, tione limodzi.