Zosambira pa damu la Mulunguzi ayi amayi

Amayi mwafunsa kuti mukufuna kukwera ndi ana a Sande sukulu ku phiri la Zomba holide ikubwerayi, ndiye ngati angasambire pa damu la Mulunguzi, komanso mukudabwa kuti bwanji ena m'makomentimu akukuopsezani pomwe pa zithunzi madzi ake akuoneka odekha bwinobwino. Pitani ndithu, malo aja ndi okongola zedi, koma zosambirazo ayi, asalowe olo mpaka m'maondo.

Damu lija sanalimangire zosangalatsa alendo. Linamalizidwa cha m'ma 2000, amaliyang'anira ndi a Southern Region Water Board, ndipo limasunga madzi opitirira ma cubic metre 3 miliyoni. Ndi mtsuko wa mzinda wonse wa Zomba uja. Madzi amene akutuluka pa mpopi ku Chinamwali, ku Matawale, ku Central Hospital, ku Chanco, ku Cobbe Barracks mpaka kundende gwero lake ndi pamene paja. Inde amakawasefa ndi kuthira mankhwala asanafike kwa anthu, koma mukawadetsa kwambiri mankhwala amalowanso ambiri, bilu yake tikudziwa amalipira ndani. Ndipo anthu a ku Zomba ali ndi mwayi umene sauona, madzi awo amangotsetsereka okha kuchokera kuphiri, pomwe anzawo a ku Blantyre amachita kupopa kuchokera ku Shire pa Walker's Ferry kukwezera kumtunda ndi magetsi a ndalama zankhaninkhani, magetsi akangothima mipopi gwaa.

Tsono za ngozizo, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Kunyanja ngati ku Mangochi mumayenda pamchenga madzi nkumakwera pang'onopang'ono, mwana akaona kuti afika m'khosi amabwerera. Damu ndi chigwa chimene anachitseka ndi khoma madzi nkudzaza, ndiye mbali zake ndi zotsetsereka ngati mmene phirilo lilili, phazi limodzi muli m'maondo lachiwiri pansi palibe. Pansipo pali matope oterera, zitsa ndi nthambi zomira zoti zimakola mwendo. Kenako kuzizira. Phiri lija nsonga yake imapitirira mamita 2,000, nchifukwa chake kumtunda kuja anakhazikitsako malo owetera nsomba za trout zimene zimafuna madzi ozizira, ndiye pamwamba madzi amatha kumveka ofundirako chifukwa cha dzuwa koma pansi pang'ono ndi ozizira ngati ayisi. Thupi likalowa mwadzidzidzi munthu amabanika, amakoka mpweya mosafuna nkumeza madzi, minofu nkukokana, olo mnyamata wokulira ku Chilwa wodziwa kusambira manja amatha kumukanika. Palinso mbali yomwe madzi amalowera m'mapaipi ndi pomwe amasefukira damu likadzaza, pamenepo madzi amakoka ngakhale pamwamba pakuoneka phee.

China choti aphunzitsi anu a Sande sukulu adziwe, mwana akamamira sakuwa ayi. Zokuwa ndi kumenya madzi zija ndi za m'mafilimu. Amangoti mutu tumphu, mbwi, tumphu, kukamwa kuli yasa osatulutsa mawu, anzake nkumayesa akusewera. Ndipo nthawi zina pamamira awiri, wachiwiriyo ndi amene analumphira kuti apulumutse mnzake chifukwa womirayo amakugwira mwamphamvu nkukukanikizira pansi. Zikachitika osalumphira, mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe, nsungwi yaitali olo zitenje zolumikiza, inu mutagona chafufumimba kumtunda. Chigubu cha malita 5 chomwecho chimene mwatengeramo thobwa chimagwira ntchito. Ana agaweni m'timagulu, aliyense wamkulu akhale ndi ake owadziwa mayina, osati zoti tonse tikuyang'anira tonse, pamenepo ndiye palibe akuyang'ana, onse ali pa foni kujambulana.

Ena alemba kuti ndiye apite nawo ku mathithi a Williams kapena Mandala. Kumeneko kuli bwinoko, anthu amaviika mapazi, koma miyala yake ili ndi ndere zoterera ndipo nthawi ya dzinja mvula imatha kugwa kumtunda inu muli padzuwa, mtsinje nkudzaza mwadzidzidzi. Madzi akayamba kusintha mtundu kapena kubwera ndi zinyalala tulukani pompo. Akuluakulu a ku Zomba sayiwala Napolo wa mu Disembala 1946 pomwe madzi ndi miyala zinatsika phiri lija nkukokolola milatho mtawuni, ndipo Freddy wa 2023 tinaona tonse zimene madzi a m'mapiri amachita. Damu limathandiza kugwirako madzi likakhala ndi malo, koma likadzaza otsalawo amangodutsa basi, si chishango cha chigumula.

Chimene chimandiwawa ine pa damu lija si osambira kwenikweni koma mitengo. Mapaini adulidwa kwambiri, moto chaka ndi chaka, ndiye nthaka ikakhala pambalambanda mvula imakokolola dothi lonse kukalisiya m'damu, malo a madzi nkumachepa mwakachetechete. Damu la Mudi ku Blantyre linavutika ndi matope phiri la Ndirande litametedwa, la Mpira ku Ntcheu linafika pouma mu 2018 anthu a ku Balaka nkumasowa madzi a pampopi. Ndiye ngati mukukawotcha nyama funsani kaye pomwe amalola kukoleza moto, masamba ouma a paini sachedwa kuyaka, ndipo muzimitse ndi madzi osati kungokwirira. Mabotolo, majumbo ndi mapampasi a ana mubwerere nazo m'basi.

Mukafika kaonaneni ndi alonda a Water Board, akuuzani poyenda ndi posafika, musalimbane nawo. Ana akaone khoma lija muwafotokozere komwe madzi a tiyi wawo amachokera, kenako mukapitirire ku Emperor's View kapena Queen's View akaone Chilwa ndi Mulanje kukakhala kopanda chifunga. Tengani majuzi, kumtunda kumazizira olo kutawuni kukutentha, ndi tindalama tosintha togulira ma strawberry kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Minibasi ikhale ya mabuleki abwino ndipo dalaivala asalawe kalikonse, msewu uja ndi wamakhotakhota komanso mumakumana ndi anthu akutsika ndi nkhuni panjinga, muyambe kutsika isanakwane 4 koloko.