Cortina yofiira ya agogo ku Chiputula: ndi Interceptor kapena ndi baji chabe?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa konkuno ku Mzuzu, ku Chiputula. Akuti kuseri kwa nyumba ya malemu agogo awo kuli Ford Cortina yofiira imene yakhala pa njerwa zaka zambirimbiri, ndipo pa buti pali baji ya XR6, mtundu wa Cortina wa injini yaikulu. Agogowo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ankakonda kudzitama kuti iyi si XR6 wamba, ndi Interceptor, anachita kuonjezera ndalama kuti aipeze. Tsopano kwatulukira munthu wina wamaulendo a ku South Africa, ndalama ili m'manja, akuti mawa lomwe abwera ndi lole. Funso lawo lili pawiri: kodi galimotoyi ndi yosowadi? Nanga ndalama yoonjezera imene agogo analipira ija ingatiuze mtengo wake wa lero?

Achimwene, choyamba uzani wa loleyo adikire. Galimoto imene yapirira mvula ya Mzuzu zaka zonsezi singathawe sabata ino.

Agogo anu sanapeke dzinali. XR6 Interceptor inalikodi, ndipo inapangidwa ku South Africa kokha, mu 1981, nthawi imene Ford inkamanga magalimoto ake ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha. Chifukwa chake chinali mpikisano. Malamulo a mpikisano wa Group One ankafuna kuti galimoto yolowa m'bwalo ikhale imene munthu wamba angathe kugula m'sitolo. Ndiye a Ford anatenga XR6, ya injini ya Essex V6 ya masilinda asanu ndi imodzi ndi malita atatu, nachotsa kabuleta yake imodzi n'kuikapo makabuleta atatu a Weber 42 DCNF. Iliyonse ili ndi makamwa awiri, kutanthauza kuti silinda iliyonse mwa zisanu ndi imodzizo imayamwa payokha. Anasinthanso camshaft (chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu) ndi mitu ya injini, mphamvu n'kukwera kuchoka pongopitirira 100 kW kufika pa 118 kW. Magalimoto onsewa anawapaka penti imodzi yofiira yotchedwa Wild Coral Red, ndipo chiwerengero chake sichinapitirire 250. Chotsanipo amene anaphwasuka pa mpikisano, amene anagubuduka ndi anyamata othamanga magazi, ndi amene anadyedwa ndi dzimbiri. Ngati yanuyo ndi yeniyeni, ndi yosowa zedi.

Koma mawu akuti "ngati" amenewo ndiwo mwini nkhani.

Tiyambe ndi za ndalama yoonjezera ija, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti chimene chinali chodula kale ndicho chodula lero, ngati kuti mtengo umangokula monga mbuzi m'khola. Chitsanzo chabwino chili ku America, kumene mitengo ya zoonjezerazi inalembedwa bwino. Mu 1967 munthu wogula Chevrolet Camaro ankatha kupempha zoonjezera za nambala Z28 pa mtengo wa madola 358.10. Ankalandira injini ya V8 yokonzedwera mpikisano wa Trans-Am, masipuling'i olimba ndi mizere iwiri pa boneti. Pamwamba pake ankakakamizidwanso kulipira mabuleki a disiki kutsogolo ndi giyabokosi ya magiya anayi. Ndalama yake sinali yoopsa poyerekeza ndi galimoto ya madola pafupifupi 2,600, koma chaka chimenecho anagula anthu 602 okha, popeza ambiri sankadziwa n'komwe kuti chinthucho chilipo. Pofika 1969 mbiri inali itawanda, ndipo anagulitsa 20,302. Dzina ndi lomwelo, koma ya 1967 ija kuipeza lero ndi ntchito.

Chaka chomwecho cha 1969 kunalinso Camaro ya injini ya aluminiyamu yotchedwa ZL1. Injini yokhayo inkaonjezera madola 4,160, kuposa mtengo wa galimoto imene. Anapanga 69 basi. Wogulitsa wina wa ku Illinois, Fred Gibb, anaitanitsa 50, koma zinamukanika kugulitsa mpaka ena anabwezedwa ku Chevrolet. Magalimoto amene ankangokhala padzuwa osowa mwini aja, lero ena agulidwa pa ndalama yopitirira madola miliyoni imodzi. Mwaona? Z28 inasowa chifukwa anthu sanaidziwe, ZL1 inasowa chifukwa anthu anaithawa mtengo. Ndalama imene agogo anaonjezera ndi nkhani yabwino yokambira adzukulu, koma wogula wanzeru safunsa zimenezo. Amafunsa kuti anapangidwa angati, atsala angati, ndipo iyi mungatsimikize bwanji kuti ndi imodzi mwa iwo.

Pa kutsimikiza pomwepa ndi pamene ine ndinapsapo. Zaka zingapo zapitazo mnzanga anandiimbira kuti pa galaja ina ku Luwinga pali XR6 yogulitsa. Ndinakwera kabaza mtima uli m'malere. Inali yofiira ndithu, baji ili mbee, mwini wake akuipukuta ndi kansanza. Nditati titsegule boneti anayamba nkhani zambiri, chingwe chinaduka, makaniko watuluka, bwerani mawa. Titakanganula, ndinapeza kainjini ka masilinda anayi kakusambira m'malo a V6, kachigubu ka mafuta ophikira katamangidwa ndi waya m'malo mwa botolo la madzi. Baji anaichotsa pa galimoto ina yakufa. Sindikuti bamboyo anali wakuba, mwina nayenso anamugulitsa choncho. Baji imamatidwa ndi guluu, achimwene, ndipo penti yofiira ikupezeka m'mashopu a hadiweya m'tauni muno.

Ndiye tengani tochi mupite kuseri kwa nyumbako. Thamangitsani nkhuku zimene zikuikira pa mpando wakumbuyo, mutsegule boneti. Werengani makabuleta. Akakhala atatu, ondondozana pakati pa injini, olembedwa Weber, mtima uyambe kugunda. Ikakhala imodzi, pali njira ziwiri: mwina ndi XR6 wamba, kapena makaniko wina wa kale anatopa nawo n'kuwachotsa, chifukwa kulinganiza makabuleta atatu kuti aziyimba nyimbo imodzi si ntchito ya aliyense, komanso amamwa petulo ngati alipira ndi boma. Zikatero fufuzani m'nyumba. Madala a kale sankataya chitsulo. Yang'anani m'sitolo ya makasu, pansi pa bedi, m'chitini chakale cha penti. Makabuleta atatuwo pamodzi ndi chitsulo chimene amakhalirapo akapezeka, ngakhale ali ndi zisa za mavu, musawatsuke ndi sandipepala ndipo musapatse munthu wa sikirapu.

Kenako penti. Kunja kungathe kupakidwa kangapo, koma opaka penti athu kawirikawiri safika pansi pa kapeti ya mu buti, kuseri kwa mipira ya zitseko ndi pansi pa dashibodi. Mukapeza zoyera kapena zobiriwira m'malo amenewo, nkhani ya Interceptor yathera pomwepo. Jambulaninso kachitsulo ka manambala kamene kali pa bodi, nambala ya injini, ndi bulu buku ngati ilipo, muone ngati zikugwirizana. Ku South Africa kuli magulu a okonda Cortina, ena pa Facebook pomwepa, amene amazidziwa galimotozi ngati ana awo. Atumizireni zithunzizo musanatchule mtengo kwa aliyense.

Dzimbiri ndisakunamizeni, lilipo. Chifunga ndi mvula ya kuno sizichitira chifundo chitsulo cha Cortina, makamaka pansi pa mapazi, m'munsi mwa zitseko ndi pamene pamakhala tayala la sipeya. Bayani ndi sikuludiraiva. Interceptor yeniyeni, ngakhale yobooka pansi, anthu amaiwotcherera n'kuidzutsa chifukwa ina kulibe. XR6 wamba yobooka chimodzimodzi mtengo wake umatsika kwambiri, ngakhale nayonso ili ndi oifuna, si ya pa sikelo ya sikirapu ayi.

Chinanso chimene simunafunse: galimotoyi ndi chuma cha masiye. Musanalandire ngakhale ya dipoziti, khalani pansi ndi amalume ndi azakhali, ndipo dzina la pa bulu buku likonzedwe ku Road Traffic. Popanda mapepala, galimotoyo kudutsa pa boda n'kovuta, ndipo wogula adzagwiritsa ntchito chomwecho kukugwetsani mtengo.

Wa lole uja akabweranso, muoneni kumene maso ake akuthamangira. Akangofika n'kupempha kuti mutsegule boneti asanayang'ane n'komwe matayala, dziwani kuti akudziwa chimene akufuna. Nditumizireni zithunzi za pansi pa boneti ndi za mu buti. Loweruka ndili ndi mpata, ku Chiputula si kutali, tochi ndibwera nayo ndekha.